Mmene Ndinazimitsira Mafoni a ku Chiuta

Ku nyanja ya Chiuta kuli anthu amene mpaka lero akandiona ndikutsika pa njinga yamoto, dzanja lawo limathamangira kaye m'thumba kukagwira foni. Moni amandipatsa ndithu, ena mpaka amandininkha mlamba wowamba wopita nawo kunyumba, koma foni amaigwira kaye. Sindiwaimba mlandu. Ndinawachita chipongwe anthu aja, ndipo ndinachichita ndi mtima woyera mbee, ndikuganiza kuti ndikuthandiza.

Ine ndimakhala ku Balaka ndipo ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a pakompyuta. (Mayi anga ku Rivirivi amauza anthu kuti ndimakonza mawailesi. Ndinatopa nako kuwafotokozera, pano ndimangovomera.) Nthawi imeneyo ndinali pa chibwenzi ndi Edina, mtsikana wa ku Chiuta amene ankaphunzira zosoka m'tauni mwathu, ndipo tinali titamvana zokwatirana. Kwawo nkhani ya ukwati imathera kwa amalume, ndipo amalume ake anali Che Bwanali, bambo wamtali, wosaseka wamba, woyenda motsimphina chifukwa cha bondo. Ankhoswe anga anapitako kukatula nkhani, n'kubwerako ndi yankho lalifupi: tamva, tikuuzani. Miyezi inkangodutsa osatiuza kanthu.

Edina ndiye anandiululira pomwe panagona vuto. Akuti amalume sankamvetsa kuti ndimadyera chiyani. Munthu alibe khasu, alibe ukonde, alibe ngakhale benchi pamsika, tsiku lonse amangokhala pansi n'kumadina mabatani. Ameneyo mwana wa chemwali wawo adzamudyetsa mabataniwo? Ankhoswe anga atamva zimenezi anandilangiza kuti ndibwereke kadimba ku Rivirivi ndidzalepo tomato, kuti mwina ndioneke ngati munthu. Zinandiwawa, osanama. Ndinalumbira chamumtima kuti tomato sindidzala, koma mkulu ameneyu ntchito yanga adzaiona ndi maso ake.

Mpata unapezeka msanga. Che Bwanali anali wapampando wa gulu la ogulitsa nsomba zouma kumeneko. Anthuwo amagula matemba ndi makumba kwa asodzi, kuyanika pa thandala, kulongedza m'matumba, kenako onse pamodzi kuchita hayala lole yopita nazo kumisika. Vuto linali lakuti loleyo inalibe tsiku lokhazikika. Inkabwera dalaivala akamaliza maulendo ake ena. Akangoimba foni kutchula tsiku, Che Bwanali ankanyamuka ndi bondo lawo lija kukauza anthu mmodzimmodzi. Kuwaimbira onse kukanatha mayunitsi, ndiponso ambiri sayankha foni akakhala pa uvuni wowambira nsomba kapena akamalimbirana malonda ndi asodzi.

Ndiye ndinapanga kapulogalamu. Ine ndingolowetsa deti, iko kapeze kokha kuti limenelo ndi tsiku lanji pasabata, kalembe m'Chichewa dzina la tsikulo, deti ndi mwezi, kenako katumize uthenga kwa aliyense kudzera m'kamodemu, kachipangizo kokhala ndi simu khadi komwe ndimatsomeka ku laputopu. Edina anakawanyengerera amalume mpaka anapereka manambala a gulu lonse. Akuti popereka anamuchenjeza kuti, "Anthuwa anandipatsa manambalawa pokhulupirira ine, osati mnyamata wakoyo."

Masabata oyamba zinayenda bwino kwabasi. Lole ya Lolemba, uthenga n'kufika. Ya Lachinayi, chimodzimodzi. Ya Lachisanu, osanena. Bondo la Che Bwanali linapuma, ndipo Edina anandiuza kuti amalume anamveka akuuza mnzawo kuti kani mnyamata uja ali ndi ntchito. Abale inu, sabata imeneyo ndinkayenda m'Balaka ngati tauni yonse ndi ya bambo anga. Ndinagula ndi lamba watsopano.

Tsopano ndinene chimene ndinachita popanga pulogalamuyo. Polemba mayina a masiku, ndinafuna kuti uthenga uzioneka kuti walembedwa ndi munthu wopita kusukulu. Ndiye pa Loweruka ndinaika w uja wovala kachipewa, monga amalembera m'mabuku akale: Loŵeruka. Ndinamusakasaka w ameneyu mpaka ndinamupeza, ndipo pa sikirini ya laputopu ankaoneka mochititsa kaso. Palibe anandituma. Palibe wogulitsa matemba amene akanadandaula chipewacho chikanasowa. (Pa Lachiwiri ndinaiwala kuika, ndipo pamenepo ndimathokoza Mulungu.) Chifukwa lole inali isanagwepo pa Loweruka, uthenga wokhala ndi chilembo chimenechi unali usanatulukepo m'laputopu kupita pa foni ya munthu aliyense, ngakhale yanga yomwe.

Lachinayi lina dalaivala anaimba kuti abwera Loweruka. Ulendo umenewu unali wofunika kuposa ena onse, chifukwa anali atajomba nthawi yaitali, matumba anali atadzaza m'nyumba za anthu, ndipo mitambo ya mvula yoyamba inali itayamba kusonkhana cha ku Mozambique. Matemba akakhalitsa m'thumba n'kugwidwa ndi chinyezi amafumbwa, amasanduka fumbi lonunkha lomwe ngakhale nkhuku zimaliyang'ana kawiri. Ndinalowetsa deti, sikirini inaonetsa uthenga wosalala, ndinadina, n'kunyamuka kupita pa chiwaya kukadya tchipisi, mluzu uli pakamwa.

Ndisanamalize mbale, Edina anaimba. Anali kwawo sabata imeneyo. Moni panalibe.

"Iwe, watumiza chiyani kuno?"

Ndinati uthenga wa lole, monga mwa masiku onse. Anati nditsegule foni yanga ndione, popeza nambala yanga inalinso pagulupo. Ndinapukuta mafuta m'zala n'kutsegula. Zonse zinali bwino, deti, mwezi, malo okwerera, koma pakati penipeni pa dzina la tsiku panali alendo awiri: LoÅµeruka. W wanga ndi chipewa chake anali atasowa. M'malo mwake munali A wamkulu wosenza kampira pamutu, ndi u wokhala ndi mchira wolendewera.

Ine ndinaseka. Ndinati zimenezi n'zazing'ono, ngakhale mwana wa sitandade wani akhoza kuona kuti ndi Loweruka. Edina sanaseke. Anandiuza kuti kumeneko kunali kutamveka kale mphekesera, zija zimabwera n'kupita chaka ndi chaka, zakuti pali mauthenga a usatana amene amafika ndi zizindikiro zachilendo, ndipo amene wawerenga mpaka kumapeto malonda ake sayendanso. Abiti Saidi, mayi wamalonda wamkulu pagulupo, wokhala ndi mawu omveka mpaka tsidya la nyanja, anali atachotsa kale batire mufoni mwake n'kuuza anzake kuti achite chimodzimodzi. Tsiku onse ankalidziwa, kuti ndi Loweruka. Chimene ankakana ndi kukweza nsomba zawo pa lole yoitanidwa ndi zizindikiro zoterozo. Che Bwanali okha ndi amene ankandiikira kumbuyo, kumauza anthu kuti makina amaphonya, mnyamatayo akonza.

Apa munthu wanzeru akanakhala pansi n'kufufuza. Ine ndinathamanga. Ndinafika kunyumba thukuta lili kamukamu, ndinatsegula laputopu, n'kukumbukira kuti vuto lotere limakhudza kasungidwe ka zilembo kotchedwa UTF-8. Ndiye ndinawonjezera mzere umodzi wolamula kuti uthenga usinthidwe kupita ku UTF-8 usanatuluke, osadzifunsa ngati mwina sunali kale mu UTF-8 momwemo. Ndinalemba ndi mawu opepesa apamwamba, akuti pepani abale chifukwa cha kavuto kakang'ono, tsiku lenileni ndi ili. Kuyesa kaye pa foni yanga? Iyayi, nthawi ndinalibe. Ndinatumiza kwa onse.

Foni yanga inalira. LoÃ…Âµeruka.

Zinaswana. Zinali ziwiri, tsopano zinali chigulu, zina zitavala zipewa zimene ine sindinaziveke, ndi timadontho titatu pakati ngati mazira oti aswenso zina. Edina anaimbanso n'kungonena kuti amalume aona, ndipo atulutsa batire pamaso pa anthu onse.

Mukuganiza ndinalekera pomwepo? Ndinachotsa mzere uja n'kuika wina, wouza pulogalamu kuti chilembo chilichonse chimene sichikudziwika ichilowetse m'malo ndi china chodziwika. Ulendo uno ndinati ndiyesa pa nambala yanga yokha, ndaphunzira. Ndinadina, n'kuona manambala akutsetsereka pa sikirini: imodzi, ina, inanso, gulu lonse. Ndinali nditaiwala kuwachotsa. Ndinasolola kamodemu ngati ndikuchotsa dzanja pamoto, koma uthenga unali utapita kale. Lo??eruka.

Ndili chikhalire, manja ali m'mutu, dalaivala anaimba. Ankafuna kutsimikiza ngati anthu akonzeka, chifukwa wina ankamuitana kuti akanyamule simenti tsiku lomwelo ndipo sankafuna kuyenda ulendo wa kunyanja pachabe. Ndinamuyankha ndi mawu a munthu wodziwa zinthu kuti onse akonzeka, asadandaule. Nditadula foni ndinadzifunsa kuti bodza limeneli ndalitenga kuti.

Madzulo amenewo Edina analankhula nane modekha, ndipo kudekhako ndi kumene kunandiopsa. Anati mafoni pafupifupi onse a gulu azimitsidwa. Anthu akunena kuti Che Bwanali anagulitsa manambala awo kwa mnyamata wa m'tauni. Ena apita kwa a shehe, ena kwa a gulupa, ndipo onse awiri awauza kuti asachite mantha, koma batire palibe wabwezera. Kenako ananena mawu a amalume mmene anawanenera: lole ikabwerera yopanda kanthu Loweruka, ankhoswe a mnyamatayo asavutike kubweranso. Edina ndinkamukonda zenizeni, ndipo ndinali pafupi kumutaya chifukwa chofuna kuoneka wophunzira.

Lachisanu m'mawa ndinavala thalauza langa labwino, lija la kaki, n'kunyamula laputopu. Minibasi ya ku Liwonde, kenako ina yodutsa ku Ntaja mpaka Nselema, njira yonse ndikuwerengera ngati sikungakhale bwino kungothawira kwa achimwene anga ku Joni. Pofika ku Nselema batire la laputopu linali litatha, ndiye ndinapempha malo m'shopu ina yometera ya sola. Ndinakhala pa benchi ya odikira, tsitsi la eni ake likundigwera pamapazi, n'kuchita chimene ndinayenera kuchita dzulo lake: kutsatira uthenga phazi ndi phazi, kuchokera pomwe ukulembedwa mpaka pomwe ukutulukira.

Nkhani yake ili chonchi. Kompyuta sidziwa zilembo, imadziwa manambala okha. Pamakhala mgwirizano wakuti nambala yakuti ikuimira chilembo chakuti, ndipo migwirizanoyi ilipo ingapo. Mu UTF-8 zilembo wamba zimayenda ndi nambala imodzi imodzi, koma w wachipewa amayenda ndi manambala awiri ophatikizana. Pulogalamu yanga inkalemba bwinobwino mu UTF-8. Koma panali kapulogalamu kena, kamene kamalandira uthenga n'kuupereka ku modemu. Kameneka kanali kakale, ndipo pokhala sindinakauze kanthu, kankawerenga ndi mgwirizano wakale wotchedwa Latin-1, momwe nambala iliyonse ndi chilembo pachokha. Zinali ngati kondakitala amene waona bambo ndi mayi akukwera limodzi, n'kuwakhazika wina kutsogolo wina kumbuyo ngati anthu osadziwana. Manambala awiri a w wanga anawalekanitsa, iliyonse n'kusanduka chilembo chake. Ndipo dzulo lija, posinthanso uthenga umene unali kale mu UTF-8, ndinangowirikiza vutolo ndi manja anga.

Ndivomere kuti maganizo ongovula chipewacho anandifikira. Kuika w wamba, nkhani n'kutha. Koma pamenepo vutolo likanangobisala, n'kudzatulukanso tsiku lina pa dzina la munthu kapena la malo. Ndiponso, kunena chilungamo, ndine wamakani. Chinthu chimene chandichititsa manyazi pagulu sindingachizembe, ndiyenera kuchigwetsa pagulu pomwepo.

Mankhwala ake anali mizere iwiri yokha: kuuza kapulogalamu kakale kaja kuti zimene ukulandirazi ndi UTF-8, ndi kukauza kuti uthenga wokhala ndi chilembo chotere uzitumizidwa m'njira imene mafoni amalandirira zilembo za zinenero zonse. Ndinachotsa manambala a gulu, n'kuyang'ana kuti ndachotsadi, n'kuyang'ananso. Ndinatumiza pa foni yanga. Loŵeruka, woyera, chipewa chili pamutu. Ndinapempha wometa kuti ndiyesenso pa kafoni kake kamabatani, popeza anthu a kunyanja ambiri ali ndi totero. Chimodzimodzi. Ndinakuwa mpaka wometayo anadzidzimuka n'kutsegula kamsewu pamutu pa kasitomala. Ndinapepesa kwambiri, koma mumtima ndinkavina.

Komabe kukonza pulogalamu inali ntchito yochepa. Uthenga wabwino ungafike bwanji pa foni yopanda batire?

Wa njinga yamoto ananditula kunyanja masana, Asilamu atangotuluka kumzikiti. Edina anali atawachonderera amalume kuti aitanitse gulu, ndipo anthu anasonkhana pansi pa mtengo pafupi ndi mathandala, ena ataima patali ndithu ndi chikwama changa. Ndinakhala pansi penipeni, thalauza la kaki pafumbi, monga ayenera kukhalira wofunsira mbeta pamaso pa amalume. Che Bwanali anali pampando. Sanandiyang'ane, ankalankhula kwa gulu, kumanditchula kuti alendowa.

Atandipatsa mpata, ndinafotokoza za manambala, za UTF-8, za kondakitala, zonse. Ena ankagwedeza mutu, ndipo ndinalimba mtima. Pofuna kutsimikizira kuti si zamizimu, ndinanena monyadira kuti zilembo zija ndikhoza kuzibweretsa ndi kuzichotsa nthawi iliyonse imene ndafuna. Ndinaona nkhope zikusintha ndisanatseke pakamwa.

"Mwamva nokha," anatero Abiti Saidi potembenukira kwa anzake. "Akuti akaziitana zimabwera, akazithamangitsa zimapita. Ndiye mwini wake ndani?"

Anthu anayamba kung'ung'udza m'Chiyao, chimene ine ndimangotola pang'onopang'ono, koma tsiku limenelo ndinamva zonse popanda womasulira. Ndinayang'ana Edina. Anali atagwira pakamwa, kaya ankalira kaya ankaseka, mpaka lero sanandiuzepo.

Ndinasiya zofotokoza. Ndinagwada bwino n'kupempha chinthu chimodzi: foni imodzi yokha iyatsidwe, ndiitumizire uthenga pamaso pa onse. Ukafika wolakwika, nditenga chikwama changa ndipo sadzandionanso kuno. Palibe anafuna kuti foni yake ikhale yoyesera. Kenako Che Bwanali anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kafoni kawo, anapisa m'thumba lina n'kutulutsa batire (anali atazigoneka matumba osiyana), n'kuziphatikiza mosafulumira. Ndinazindikira kuti mkuluyu akuika ulemu wake pachiswe kachiwiri chifukwa cha ine, ndipo manyazi anandigwira kuposa mantha.

Foni inayaka. Ndisanakhudze n'komwe laputopu, inalira: titi, titi.

Ndinali nditaiwala kuti uthenga ukapeza foni yozima sufa, umadikira panjira. Uja wachitatu, wa dzulo, wa zizindikiro ziwiri za funso, unali ukuwadikirabe Che Bwanali. Anautsegula, anatalikitsa foni ndi maso monga amachitira akuluakulu, n'kuuyang'ana nthawi yaitali.

"Tsopano nayo foni ikufunsa," anatero. "Kawiri."

Wina anaseka kumbuyo, n'kudzigwira msanga. Ndinalumbira kuti umenewo ndi wa dzulo, wa lero ukubwera. Ndinaika nambala yawo yokha, n'kudina. Palibe chinachitika. Kanyali ka modemu kankangophethira, netiweki kulibe. Kumeneko imabwera n'kupita mmene yafunira, nthawi zina n'kulowa ya ku Mozambique. Ndinaimirira, kulibe. Ndinakweza laputopu m'mwamba, kulibe. Pafupi panali bwato lovundikiridwa m'mphepete mwa matope, ndipo popanda kufunsa mwini wake ndinakwera pamsana pake, manja onse m'mwamba, laputopu ili pamwamba pa mutu ngati ndikuipereka nsembe (zimene sizinathandize mbiri yanga ngakhale pang'ono).

Kanyali kanasiya kuphethira. Uthenga unanyamuka. Nalo bwato linagudubuka.

Ndinagwa chagada m'matope a Chiuta, aja akuda onunkha nsomba, phwatha! Koma manja sanatsike. Laputopu inatsala m'mwamba youma, ine ndili gada pansi pake, thalauza la kaki litatha ntchito. Ndili chigonere choncho ndinamva kafoni ka Che Bwanali kakulira.

Anawerenga mokweza, liwu ndi liwu, kuyambira moni mpaka kumapeto. Lole ibwera Loweruka, deti yake, mwezi wake, pamalo a masiku onse. Kenako anapereka foniyo kwa Abiti Saidi. Mayiyo anaigwira ndi nsonga za zala, anayang'ana, anaibweretsa pafupi, n'kufunsa kuti nanga kali pamwamba pa w ndi kachiyani. Koma ine ndisanatsegule pakamwa (ndipo ndikanatsegula ndikanaonongeratu), Che Bwanali anati kameneko n'kakale, kanalimo m'mabuku a kusukulu iwo ali mwana, ndipo m'buku la nyimbo la akazi awo kali mbwee. Abiti Saidi anabweza foni n'kunena kuti ngati n'ka m'mabuku, chabwino, koma zija za dzulo sakuzifuna mufoni mwake.

Apo ndiye panabwera ntchito imene sindinaiyembekezere. Aliyense akabwezera batire, mauthenga akale ankayamba kufika, ndipo palibe ankafuna kuwatsegula yekha. Anandikhazika pa benchi, matope akuuma kumsana, anthu n'kupanga mzere. Foni iliyonse ndinkailandira, kuyatsa, kudikira alendo aja afike, kuwafufuta, n'kumuonetsa mwini wake kuti mwayera. Mafoni onunkha utsi, ena omangidwa ndi mphira, ena zolemba za pamabatani zitafufutika kalekale. Bambo wina anapezerapo mwayi n'kundipempha kuti ndifufutenso mauthenga ena amene sanachokere kwa ine n'komwe, n'kunditsinzinira diso. Ndinafufuta osawerenga.

Nditamaliza ndinatumiza uthenga wabwino kwa gulu lonse (ulendo uno wokweza laputopu anali msodzi wina wamtali, ataima pouma), ndipo mafoni anayamba kulira motsatizana pansi pa mtengo uja, uku titi, uko titi, mpaka phokoso linagwirana. Ndamvapo makwaya abwino m'moyo mwanga, koma sanandifikepo pamtima chonchi. Amayi ena anaimba nthungululu. Ine wa matope ndinaima pakati pawo, mano onse kunja, ngati ndagoletsa chigoli cha fainolo.

Loweruka lole inabwera, ndipo inachoka itadzaza mpaka zingwe kuchepa. Matumba a Abiti Saidi ndiwo anakwera oyamba, ndipo anandilamula kuti ndisangoima, ndithandize kunyamula, popeza ndine mkamwini wa pamudzi pano. Mawu amenewo ndinawamva bwino, ndipo ndinanyamula ngati msana ndi wobwereka. Mvula inagwa sabata yotsatira, n'kupeza m'nyumba mulibe thumba n'limodzi lomwe.

Lole itangochoka, Che Bwanali anandiitana pambali. Kanali koyamba kundiyang'ana m'maso. Anati anaona mmene ndinagwera dzulo, ndipo anaonanso kuti chida changa cha ntchito sindinachigwetse. Mwana wa chemwali wawo akhoza kumusiya m'manja oterowo. Ankhoswe anga abwere, tidzapangane tsiku la chinkhoswe. Ndinawomba m'manja n'kuthokoza mobwerezabwereza, misozi ili pafupi. Ndipo chifukwa chisangalalo chimandichotsa nzeru, ndinawonjezera kuti tsikulo likadziwika asavutike, achibale onse ndiwatumizira uthenga kamodzi n'kamodzi, pulogalamu tsopano ili bwino.

Che Bwanali anapukusa mutu.

"Iyayi," anatero. "Za matemba tumizani pa makina anuwo. Za mwana wanga mukanena ndi pakamwa."

Pulogalamu yanga ikugwira ntchito mpaka lero, magulu ena apafupi anaipempha, ndipo sindidinanso batani lotumizira ndisanayese pa kafoni kamabatani komwe ndimayenda nako m'thumba. Koma uthenga wa chinkhoswe changa ndinauperekadi ndi pakamwa. Edina ankanditsogolera, ine pambuyo, khomo ndi khomo, kwa achibale amene sindinkadziwa n'komwe kuti munthu mmodzi angakhale nawo ochuluka chonchi. Pakhomo lililonse ndinkagwada, kupereka moni, n'kutchula tsiku. Ndipo pakhomo lililonse, ndikamaliza, ankatembenukira kwa Edina n'kumufunsa ngati ndalinena bwino.